Pampu yopopa oyilo wambiri mu injini ya Chevrolet 350 yoyendera pamsewu: kasankhidwe ndi kaikidwe kake

Munthu akaphwasula injini ya Chevrolet 350 n'kuikamo camshaft yokulirapo pang'ono, kabuleta yatsopano ndi mapaipi a ekizozi otakasuka, amafika pa nkhani ya pampu ya oyilo mtima uli kale pa chilichonse cholembedwa kuti n'champhamvu. Wogulitsa amamuonetsa mapampu awiri ofanana ngati mapasa, onse opangidwa ndi kampani ya Melling ya ku Jackson, m'chigawo cha Michigan: ina ndi M55, yomwe imapopa mofanana ndi imene injiniyo inabadwa nayo, inayo ndi M55HV (HV akuimira high volume), yomwe imapopa oyilo wochulukirapo. Popeza mitengo yake sisiyana kwenikweni, ambiri amanyamula ya HV poganiza kuti oyilo sangachuluke mpaka kuwononga kanthu. Ine ndikuona kuti pamenepa m'pofunika kudekha, chifukwa pampu imeneyi ili ndi malo ake, ndipo ikalowa mu injini imene sikuifuna kapena ikaikidwa yokha popanda zinzake zoyenera kuyendera nayo limodzi, imabweretsa mavuto amene panalibe.

Malangizowa ndi a injini ya V8 ya mtundu wa small-block, umene Chevrolet inayamba kupanga mu 1955, makamaka ya 350, ya malita 5.7, yomwe inatuluka mu 1967. Ndikunena za galimoto yoyendera pamsewu wamba, imene injini yake sidutsadutsa 5,500 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 5,500 pa mphindi. Injini zambiri za Toyota ndi Nissan zimene zadzaza m'misewu yathu zili ndi pampu yopangidwa mwanjira ina, yokhala kutsogolo kwa injini n'kumazunguzidwa ndi crankshaft, choncho zimene zili pano musazitengere kumeneko.

Zimene pampu imachita ndi zimene sichita

Pampu ya 350 imamangidwa ndi bawuti imodzi pa chivindikiro cha main bearing yakumbuyo, mkati mwa sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini. Camshaft imazunguza giya ya distributor, distributor imazunguza shafiti yaifupi yotsikira pansi, ndipo shafitiyo ndi imene imazunguza pampu, kutanthauza kuti crankshaft ikazungulira kawiri, pampu imazungulira kamodzi. Mkati mwake muli magiya awiri olumana amene amatunga oyilo m'mipata ya mano awo. Mu M55 magiyawo ndi aatali mainchesi 1.2, pamene mu M55HV ndi aatali mainchesi 1.5, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumapatsa ya HV oyilo wowonjezera ndi 25 peresenti pa kuzungulira kulikonse.

Pampu sipanga pulesha. Ntchito yake ndi kukankha oyilo basi, ndipo pulesha imabwera chifukwa oyiloyo akuvutika kupeza potulukira. Amene anathirirapo ndiwo m'dimba ndi paipi akudziwa kuti madzi amatuluka mofooka kukamwa kwa paipi kukakhala kotseguka, koma akapanikiza ndi chala amathamanga mpaka pabedi lachitatu, pomwe mpope ndi womwewo. Mu injini, chala chimenecho ndi mipata ya ma bearing, ya ma lifter (tizitsulo tokankhidwa ndi camshaft potsegula ma valavu) ndi tinjira tina tonse timene oyilo amadutsamo. Mipata ikakhala yothina, pulesha imakwera. Ikakula chifukwa cha kutha, pulesha imatsika.

Pa chivindikiro cha pampu pali valavu yokhala ndi sipuling'i, imene imatseguka pulesha ikafika pa mulingo wake n'kubwezera oyilo wotsalayo kumbali yokokera ya pampu yomweyo. Sipuling'i imeneyi ndi imene imalamula pamene pulesha ikalekezere, osati kutalika kwa magiya. Ndiye chifukwa chake pampu ya oyilo wambiri ndi pampu ya pulesha yaikulu zili zinthu ziwiri zosiyana: M55A, mwachitsanzo, ili ndi magiya a msinkhu wamba koma sipuling'i yolimba. Tsono taganizirani injini ya mipata yabwino imene ikuyenda pa 3,000 rpm. Pampu wamba yafika kale pamene valavu imatsegukira, ma bearing akhuta, ndipo mukaikapo ya HV, oyilo wowonjezerayo sapita kulikonse koma kuzungulira mkati mwa pampu, akutentha ndi kuchita thovu, uku mano a giya ya distributor akusenza katundu wopanda phindu. Phindu lenileni la HV limaoneka injini ikatentha ili pa idling kapena ikuyenda pang'onopang'ono, nthawi imene valavu ili chitsekere ndipo dontho lililonse likupita ku ma bearing.

Gawo loyamba: pimani pulesha musanagule kanthu

Ngati injini ikadali m'galimoto ndipo ikulira, yambirani pa geji. Nyale yofiira ya padashibodi imayaka pulesha itatsika kale kwambiri, ndipo mageji amagetsi akale amanama, choncho pezani geji ya kapaipi, ija yolandira oyilo weniweni. Pa 350 pali bowo lake pamwamba pa block chakumbuyo, pafupi ndi distributor. Yendetsani galimoto kwa mphindi zosachepera 30, chifukwa oyilo amachedwa kutentha poyerekeza ndi madzi, ndipo pulesha ya oyilo wozizira sikuuzani chilichonse. Mukabwera, lembani zimene geji ikuonetsa pa idling, pa 2,000 rpm ndi pa 4,000 rpm.

Amakaniko a injini zimenezi ali ndi lamulo lakale limene ambiri amati linachokera kwa Smokey Yunick, makaniko wotchuka wa magalimoto a mpikisano wa ku Daytona Beach ku America, lakuti pa 1,000 rpm iliyonse pakhale pulesha ya 10 psi (psi ndi mulingo wopimira pulesha). Potsatira lamuloli, injini yolekezera pa 5,500 rpm ikufunika 55 psi pamwamba penipeni, oyilo ali wotentha. Kampani ya General Motors inkalola zotsika kuposa apa pa injini za 5.7 za Vortec: 6 psi pa 1,000 rpm, 18 psi pa 2,000 ndi 24 psi pa 4,000. Imeneyo ndi milingo yotsikitsitsa imene palibe angaikondwerere, koma ikusonyeza kuti 20 psi pa idling yotentha si chifukwa chophwasulira injini. Ngati singano ikukwera msanga mukangoponda moto n'kukafika pakati pa 45 ndi 55 psi, injini yanu ili bwino ndipo pampu ya HV ilibe chokakonza.

Gawo lachiwiri: yezani mipata ya ma bearing

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo n'pamene anthu ambiri amadumpha chifukwa pamafuna kuleza mtima. Pulesha ikakhala yotsika, funso loyamba si lakuti pampu ndi yotani, koma lakuti oyilo akuthawira kuti.

Pa crankshaft ya 350, pamene pamakhala main bearing ndi ponenepa mainchesi 2.45, ndipo pa ma bearing a con rod ndi mainchesi 2.10. Lamulo lodziwika ndi lakuti inchi iliyonse ipatsidwe mpata wa 0.001, choncho injini ya pamsewu imakhala bwino ndi mipata ya pakati pa 0.002 ndi 0.0025 inchi, omwe ndi mamilimita 0.05 mpaka 0.064. Mpata wotere ndi wofanana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo palibe diso kapena chala chimene chingaupime. Njira yolondola kwambiri ndi ya micrometer ndi geji yopimira mkati mwa bowo, zimene amakhala nazo anthu ogaya ma crankshaft. Ngati zimenezo palibe, Plastigage yobiriwira, kaulusi kapulasitiki kopimira mipata, imene imapima kuyambira 0.001 mpaka 0.003 inchi, ikukwanira.

Pukutani crankshaft ndi bearing kuti ziume, dulani kaulusi ka Plastigage n'kukagoneka motsata utali wa crankshaft, bwezerani chivindikiro ndipo mangani mabawuti ndi sipanala ya torque pa mulingo wa m'buku la injiniyo. Musazunguze crankshaft ngakhale pang'ono, chifukwa kaulusiko kamapakika n'kukupatsani bodza. Mukamasula mudzapeza kataphwatalala, ndipo m'lifupi mwake mumayerekeza ndi mizere yosindikizidwa pa pepala limene kanabweramo: kakaphwatalala kwambiri ndiye kuti mpata ndi wothina. Ngati mukupima injini ili m'galimoto, kumbukirani kuti crankshaft yatsamira pa zivindikiro za pansi ndi kulemera kwake konse, choncho poyeza main bearing muyenera kuikwezera m'mwamba ndi jeke yaing'ono ndi kamtengo, apo ayi mpata udzaoneka wothina kuposa mmene ulili. Yezani ma bearing onse, osati imodzi yokha imene ili pafupi ndi dzanja.

Mukapeza bearing yaonekera kopa, yokandika kapena ya mpata wodutsa 0.0035 inchi chifukwa cha kutha, mankhwala ake ndi kugaya crankshaft ndi kugula ma bearing oyenera. Pampu ya HV ingathe kukweza singano pa injini yotereyi, ndipo mwini wake angasangalale kwa miyezi ingapo, koma chitsulo chimene chinadyeka sichimera, ndipo tsiku la kunoka limangosunthidwa. Musaiwalenso ma bearing a camshaft, amene amataya oyilo wambiri akatha koma sawaganiziridwa chifukwa ali kobisika.

Gawo lachitatu: gamulani

Ngati mipata ili pakati pa 0.002 ndi 0.0025 inchi, ma lifter ali a hydraulic wamba, fyuluta ili pamalo pake ndipo palibe choziziritsira oyilo, gulani M55. Ndikunena izi mosazengereza, chifukwa injini zotere zakhala zikuyenda makilomita mazanamazana a masauzande ndi pampu imeneyi. Amene akufuna kuti pulesha ikalekezere pamwamba pang'ono angasinthe sipuling'i yokha.

Pampu ya HV ili ndi chifukwa chomveka pamene injini inamangidwa dala ndi mipata ya 0.003 inchi kapena kuposerapo, pamene mwaika choziziritsira oyilo kapena mwasamutsira fyuluta kutali ndi mapaipi aatali, monga zimachitikira 350 ikalowetsedwa mu Land Cruiser kapena m'galimoto ina imene sinabadwe nayo, pamene mwawonjezera timabowo topemerera oyilo pansi pa mapisitoni, kapenanso pamene camshaft yanu ikufuna idling yotsika ndipo galimoto imakhala nthawi yaitali pamdipiti wa magalimoto kukutentha. Ngati muli m'gulu limeneli, pitirizani, koma dziwani kuti mukugula zinthu zinayi osati chimodzi: pampu, paipi yokokera ndi sefa yake, shafiti yolimba, ndiponso mwina sampu.

Gawo lachinayi: tsegulani pampu yatsopano

Kukhala m'bokosi sikutanthauza ukhondo. Masulani mabawuti anayi a chivindikiro, ikani chizindikiro pa mano awiri amene alumana kuti mudzawabwezere momwemo, tulutsani magiya ndipo tsukani zonse ndi palafini. Yendetsani chala m'njira yotulukira oyilo ndipo ngati muli timinga ta chitsulo, tipaleni n'kutsukanso. Bwezerani magiya, gonekani chitsulo chowongoka pakamwa pa pampu ndipo pimani ndi feeler gauge (timalata topyapyala topimira) mpata wa pakati pa chitsulocho ndi magiya, womwe uyenera kukhala pafupifupi 0.002 mpaka 0.003 inchi. Kankhani valavu ndi kasikuludalaivala kuti muone ngati ikuyenda bwino osakakamira.

Gawo lachisanu: paipi yokokera ndi sefa

Ndikanauzidwa kuti ndisankhe malo amodzi pamene injini zambiri zimafera pambuyo posintha pampu, ndikanaloza apa. Thupi la M55HV ndi lalitali kuposa la M55, motero chivindikiro chake, pamene pamalowa paipi yokokera, chimatsikira kufupi ndi pansi pa sampu. Mukatenga sefa yakale n'kuikhomera mmene inalili, ingathe kukagunda pansi kapena kutsala ndi mpata wochepa kwambiri moti pampu imalephera kukoka oyilo wokwanira pa liwiro lalikulu. Gulani sefa yopangidwira pampu imeneyi ndi kuya kwa sampu yanu, ndipo onetsetsani kunenepa kwa paipi, chifukwa M55HV imalandira ya 5/8 inchi pamene mapampu a injini za m'ma 1990 ambiri amalandira ya 3/4. Paipi imene inakhomedwapo kale n'kuzulidwa sigwiranso bwino.

Paipiyo imalowa mothina. Iikeni mufiriji usiku wonse, fundutsani chivindikiro cha pampu pang'ono, ndipo ikhomeni ndi chida chogwira pa mkombero wa paipi, osati kumenya sefa ndi hamala. Mpata wofunika pakati pa sefa ndi pansi pa sampu ndi mamilimita 6 mpaka 10. Kuti muupime, mangani pampu pa injini mongoyembekezera, matani tepi pakamwa pa sefa, umbani kampira ka dongo lofewa kofanana ndi dzira la njiwa, kakulungeni m'kapepala ka pulasitiki n'kukaika pa tepipo, kenako vindikirani sampu ndi gasiketi yeniyeni imene mudzagwiritse ntchito n'kumanga mabawuti angapo. Mukachotsa sampu, dulani dongolo pakati ndi mpeni n'kupima kunenepa kwake. Nkhani ya gasiketi ndaitchula dala, chifukwa ya labala yobwera yathunthu ndi yonenepa kuposa ya zidutswa zinayi, ndipo kusiyanako kumasintha mpata. Mpata ukachepa pampu imatsamwa. Ukakula sefa imayamba kumwa mpweya pokhota ndi pogwira mabuleki.

Mukakhutira, ikani chizindikiro pa paipi ndi pa chivindikiro, ndipo paipiyo imangidwe kuti isadzasunthe. Njira yosavuta ndi sefa yokhala ndi kachitsulo kogwirira pa bawuti ya chivindikiro. Njira ina ndi kuwotcherera ndi buronzi kapena kudontheza pawiri, koma musanayandikize moto, zulani kapini, tulutsani sipuling'i ndi valavu, chifukwa sipuling'i ikapsa imafooka ndipo pulesha yanu imathera pomwepo. Lekani chivindikiro chizizire chokha, onani ngati sichinapindike, tsukani, pakani oyilo pa magiya n'kumanga zonse.

Ndinaonapo 350 imene inamangidwa bwino kwina konse koma paipi inangokhomedwa osamangidwa. Mwini wake anati singano inayamba kugwedera akagwira mabuleki, kenako tsiku lina inagwa osadzukanso. Titatsitsa sampu tinapeza sefa ili gone pansi m'oyilo wakuda, paipi yake ikuwala pamene inkasegukira pang'onopang'ono, ndipo oyilo amene anatsalira m'beseni ankanyezimira tizidutswa ta kopa tikamuunika ndi tochi. Crankshaft yatsopano inapita chifukwa cha ntchito ya mphindi khumi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: shafiti ndi giya ya distributor

Shafiti imene injini inabadwa nayo imalumikizidwa ku pampu ndi kapaipi ka nayiloni, komwe kamauma ndi kusweka kakakalamba. Pampu ya HV ndi yolemera kuzunguza, choncho gulani shafiti yolimba yokhala ndi kapaipi kachitsulo, monga IS-55E ya Melling kapena ya kampani ya ARP. Shafitiyi imalowera pansi limodzi ndi pampu. Mukaiwala n'kutseka sampu, simungailowetsere pamwamba, ndipo mudzamasulanso zonse.

Ngati block kapena ma head anapalidwa, distributor imatsika kuposa kale ndipo ingathe kukatsamira pa shafiti n'kumapanikiza magiya a pampu pa chivindikiro. Sampu isanatsekedwe, lowetsani distributor mpaka ikhale pa manifold, ndipo gwirani shafiti kunsi kuti muone ngati ikusewera pang'ono m'mwamba ndi pansi. Ikakhala yolimba gwa, ikani ma shim, timawashala topyapyala, pansi pa khosi la distributor.

Giya ya distributor iyenera kugwirizana ndi chitsulo cha camshaft. Camshaft wamba ya flat tappet, ija ya ma lifter ophwatalala kunsi, imayenda ndi giya wamba. Ya roller imene fakitale inayamba kuika mu 1987 imafuna giya yolimbitsidwa mwapadera, yomwe amaitcha melonized, pamene ya roller yosemedwa kuchokera ku chitsulo cha billet kawirikawiri imafuna giya ya buronzi kapena ya composite. Giya ya buronzi inapangidwa kuti izidyeka m'malo mwa camshaft, ndipo pampu ya HV imaidya msanga, motero funsani amene anapanga camshaft yanu musanaphatikize ziwirizi. 

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sampu ndi njira zobwerera oyilo

Pali mawu ofala akuti pampu ya HV imakoka oyilo yense m'sampu n'kumuunjika pamwamba pa injini. Pa injini ya pamsewu ya mipata yabwino zimenezi sizichitika kawirikawiri, popeza oyilo amene angakwere ndi yekhayo amene mipata yamulola kudutsa. Komabe sampu wamba imasunga malita osakwana 4, ndipo pamodzi ndi fyuluta zonse zimakwana malita 4.7 okha, choncho injini ya mipata yotakasuka ikakhala nthawi yaitali pa rpm yokwera, oyilo wa pansi amachepa ndithu. Ngati block ili yophwasula, palani timinga ta chitsulo m'mabowo obwerera oyilo a m'chigwa cha ma lifter ndi a m'makona a ma head, kenako tsukani mokwanira. Musaike zochepetsera oyilo wopita pamwamba ngati ma lifter ali a hydraulic.

Sampu yaikulu yokhala ndi zitsulo zotchinga oyilo kuti asakhavukire uku ndi uku ndi yothandiza, koma sankhani yotambasukira m'mbali osati yotsikira pansi, chifukwa yakuya imakumana ndi mahampu ndi miyala. Pogula, dziwani chaka cha block yanu: chopimira oyilo chinasamuka kuchoka kumanzere kupita kumanja mu 1980, ndipo mu 1986 seal ya kumbuyo kwa crankshaft inasintha kukhala yathunthu, zimene zinasinthanso kapangidwe ka sampu.

Pali kachitsekero kamodzi kobisika m'njira ya oyilo pansi pa chivindikiro cha main bearing yakumbuyo, kamene otsuka block amachotsa ndipo nthawi zina amaiwala kubwezera. Kakasowa, oyilo amalambalala fyuluta n'kupita ku ma bearing ali ndi zinyalala zake, geji osaonetsa vuto lililonse. Kayang'aneni musanamange chivindikirocho. Kavalavu kolambalalitsa oyilo ka pamene pamamangidwa fyuluta musakatseke pa galimoto ya pamsewu, makamaka ndi pampu ya HV, chifukwa oyilo wozizira angaphulitse fyuluta.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kumanga ndi kukweza oyilo injini isanalire

Pukutani pamene pampu imakhala, onani kuti timapini tiwiri toiongolera tilipo, ndipo pasakhale gasiketi kapena silikoni pamenepo. Bawuti ya pampu imangidwe pa 65 ft-lb, omwe ndi 88 Nm, ndipo ikhale ya utali woyenera, chifukwa yotalikitsa imakagunda kumsana kwa bearing. Zunguzani crankshaft ndi dzanja kuti muone ngati palibe chikukhudza pampu kapena sefa, kenako tsekani sampu.

Dzazani fyuluta ndi oyilo musanaimange, thirani wotsalayo mu injini, ndipo distributor ikhale kunja. Chida chozunguzira pampu chiyenera kukhala ndi thupi longa la distributor, chifukwa thupi limenelo ndi limene limatseka njira ya oyilo wa ma lifter. Ndodo yokha imasiya mbali imodzi ya injini ili youma. Ambiri amachipanga kuchokera ku distributor yakale poichotsa mano a giya. Mangani chidacho pa drill yamphamvu ndipo izungulire motsata wotchi. Poyamba imathamanga mopepuka, kenako imalemera mwadzidzidzi mpaka kufuna kukupotolani dzanja, ndipo pamenepo ndiye kuti pampu yagwira oyilo. Kulemera kumene mukukumva m'manjako n'kumene mano a giya ya distributor adzasenze tsiku lililonse. Zivindikiro za ma valavu zikhale zochotsa, mnzanu azizunguza crankshaft pang'onopang'ono ndi sipanala, ndipo musaleke kufikira oyilo atatuluka pa ma rocker onse 16.

Gawo lachisanu ndi chinayi: oyilo wake ndi kuwerenga geji

Chizolowezi cha m'magalaja ambiri kwathu kuno n'chothira 20W-50 kapena SAE 40 mu injini iliyonse yakale. Pa injini ya pampu ya HV chizolowezichi chiganiziridwe kawiri, chifukwa oyilo wokhuthara, pampu yaikulu ndi m'mawa wozizira zikakumana, shafiti ndi giya zimazunzika koopsa. Amene ali ku Johannesburg, kumene madzi amaundana panja mu June ndi July, adzaona singano ikuthamangira ku 80 psi akangoliza. Mipata ya 0.0025 inchi imayenda bwino ndi 10W-30 kapena 10W-40, ndipo 15W-40 kapena 20W-50 asiyireni injini ya mipata yotakasuka kapena yogwira ntchito yolemetsa kumalo otentha ngati ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu October. Ngati camshaft ili ya flat tappet, oyiloyo akhale ndi zinc wokwanira, ndipo ikakhala yatsopano, injini ilire pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30 zoyambirira osaisiya pa idling.

Pakuliza koyamba, maso akhale pa geji, ndipo singano ikapanda kudzuka m'masekondi ochepa, zimitsani. Masiku onse otsatira, musaponde moto kwambiri oyilo asanatenthe. Injini ikatentha bwinobwino, bwerezani mipimo itatu ija n'kuyerekeza ndi imene munalemba poyamba. Mudzayembekezere kusintha kwakukulu pa idling ndi kusintha kochepa pamwamba. Pulesha yodutsa 70 psi oyilo ali wotentha ilibe ntchito pa injini ya pamsewu, ndipo yankho lake ndi sipuling'i yofewa kapena oyilo wopepuka.

Kagwedezeke ka singano kamanena zambiri kuposa nambala imene yaima. Ikamatsika pogwira mabuleki kapena pokhota, sefa ikumwa mpweya, mwina chifukwa oyilo wachepa, sefa yakwera, kapena sampu ilibe zotchinga. Ikamakwera bwino mpaka 4,000 rpm kenako n'kuyamba kubwerera pansi rpm ikukwerabe, ganizirani sefa yoyandikitsa pansi, oyilo wochita thovu kapena wochedwa kubwerera, ndipo chotsani phazi nthawi yomweyo. Musayese kuthetsa vutoli pothira oyilo wodutsa mzere, chifukwa crankshaft imamumenya n'kuchulukitsa thovulo.

Galimoto ikayenda makilomita pafupifupi 800, khetsani oyilo, dulani fyuluta ndi chodulira mapaipi osati sowo, yomwe imasiya utuchi wake wachitsulo, ndipo tambasulani pepala la mkati padzuwa kuti muone ngati muli tizidutswa tonyezimira. Tsiku lomwelo ikani chizindikiro pamene rotor yaloza, zulani distributor n'kuyang'ana mano a giya yake. Mano abwino amakhala ndi kamzere kowala pakati ndipo nsonga zake zimakhala zophwatalala. Akayamba kusongoka ngati mpeni, giyayo ikudyeka. Mukabwezera distributor, unikani chizindikiro cha timing ndi nyale yake pa 3,000 rpm: chikaima malo amodzi zonse zili bwino, koma chikamavinavina, zulaninso distributor muone giya, ma shim ndi tcheni cha timing musanapite ulendo wautali.